Mzikiti wa dothi wa ku Djenné: bwanji osangoupaka simenti?

Wowerenga wina wa ku Mangochi, amene ali m'komiti ya mzikiti wa m'mudzi mwawo, wafunsa motere: "Ndaona pa WhatsApp chithunzi cha chimzikiti cha ku Mali chomangidwa ndi dothi lokhalokha, ndipo akuti chaka ndi chaka anthu amachimata matope atsopano. Ife kuno tikusonkha ndalama zoti tigwetse mzikiti wathu wa zidina, timange wa njerwa zootcha ndi malata. Kodi anzathuwo ndi umphawi? Nanga amaswaliramodi, kapena ndi wongokopera alendo? Mnzanga wina akuti chikondwerero chomata mzikiticho n'chachikunja."

Achimwene, mzikiti mwauonawo ndi wa ku Djenné, tauni yakale ya m'chigawo cha Mopti ku Mali. Anthu amaswaliramo swala zonse zisanu, ndipo Lachisanu umadzaza. Muli magetsi, ndipo azana imamveka pa zokuzira mawu ngati kwathu konkuno. Amene si Msilamu saloledwa kulowamo, moti alendo okaona malo akabwera amathera panja n'kumajambula makoma. Tsono zoti ndi wongokopera alendo zichotseni. Za umphawi ndi za chikunja ndiye zikufuna kuti tikhale pansi, chifukwa yankho lake lili m'mbiri ya tauniyo komanso m'khalidwe la dothi lenilenilo.

Djenné ili m'dambo lalikulu la mtsinje wa Bani, umene umathira mu Niger. Madzi akasefukira tauni yonse imasanduka chilumba. Miyala kulibe, mitengo ndi yowerengeka, koma dothi la makande limene madzi amasiya akaphwera ndi losayamba. Munthu amamanga ndi chimene ali nacho, ndipo anthu a kumeneko akhala akumanga ndi dothi kuyambira kalekale. Makilomita atatu okha kuchoka pa tauniyi pali bwinja la Djenné-Djenno, pomwe anthu anayamba kukhala cha m'ma 250 BC. Pamene Chisilamu chimafika ndi amalonda a mchere ndi golide a njira ya ku Timbuktu, mzinda wa kumpoto kwa Mali, amisiri a dothi analipo kale ndi luso lawo.

Mbiri ya mzikiti woyamba inalembedwa m'zaka za m'ma 1600 ndi al-Sa'di, munthu wophunzira wa ku Timbuktu amene anakhalapo imamu ku Djenné, m'buku lotchedwa Tarikh al-Sudan. Iye akusimba kuti mfumu Koi Konboro italowa Chisilamu, cha m'ma 1200, inagwetsa nyumba yake yachifumu n'kumangapo mzikiti. Chimene chimandisangalatsa m'nkhaniyi ndi pempho la mfumuyo. Akuti inasonkhanitsa mashehe n'kuwapempha kuti apempherere mudzi wake zinthu zitatu: kuti wothawa umphawi kwawo akafika ku Djenné apeze chuma mpaka aiwale kwawo, kuti alendo achuluke kuposa eni mudzi, komanso kuti amalonda obwera ndi katundu asamakhale ndi mtima wodikira, azitopa msanga n'kugulitsa motchipa kuti eni mudzi apindule. Pemphero lachitatulo ndi la munthu wodziwa msika. Mpaka lero msika waukulu wa Lolemba umachitikira pabwalo la kutsogolo kwa mzikiti, asodzi achi Bozo ndi nsomba zawo zouma, Afulani ndi mkaka wawo, alimi ndi mpunga ndi mapira, onse pansi pa khoma la chibula, mbali imene Asilamu amayang'ana poswali. Kumeneko chibula chili kum'mawa, pomwe ife kuno timayang'ana kumpoto.

Koma mzikiti mukuuona pachithunziwo si wa Koi Konboro. Cha m'ma 1818 ndi 1819, Seku Amadu, shehe wachifulani amene anakhazikitsa ufumu wa Massina, analanda Djenné. Anali munthu wofuna kuyeretsa chipembedzo, ndipo mzikiti wakalewo, ndi nsanja zake ndi zokongoletsa zake, sunamukomere. Kugwetsa nyumba ya Mulungu ndi manja sikunali kotheka, choncho anangousiya osaumata, ndipo mvula inamugwirira ntchitoyo. Mfalansa woyendera maiko René Caillié atafika mu 1828 anapeza mzikitiwo utasanduka wa anamzeze, zisa paliponse, fungo la zitosi, anthu akuswalira pabwalo lakunja. Pakati pa 1834 ndi 1836 Seku Amadu anamanga mzikiti wake chakum'mawa, wamfupi, wopanda nsanja. Anatsekanso timizikiti ta m'madera kuti anthu onse aziswalira pamodzi.

Asilikali a France motsogozedwa ndi Louis Archinard analanda tauniyi mu Epulo 1893. Mu 1906 ntchito yomanganso mzikiti pamalo akale aja inayamba, ndipo inatha mu 1907, mmisiri wamkulu ali Ismaila Traoré, mtsogoleri wa gulu la amisiri omanga a mu Djenné. Pamene panali mzikiti wa Seku Amadu panamangidwa sukulu. Apa sindikubisirani kanthu: anthu ambiri amene anasenza dothi la mzikitiwu anachita kukakamizidwa ndi boma la atsamunda, zofanana ndi thangata wa kwathu. Akatswiri mpaka pano amatsutsana ngati maonekedwe ake ali ndi dzanja la Afalansa kapena ndi nzeru za amisiri a Djenné okha. Ine ndimapendekera kwa amisiriwo, chifukwa nyumba zakale za amalonda m'tauniyo zili ndi kamangidwe ka mtundu womwewo, ndipo Mfalansa sakanawaphunzitsa eni dothi momwe dothi lawo limakhalira.

Tsono tiyeni tiuyang'ane pafupi. Mzikitiwu unakhazikidwa pachitunda chomangidwa, mamita pafupifupi 75 mbali iliyonse, chokwera mamita atatu kuchoka pamsika, kuti madzi osefukira asanyambite maziko. Pokwera pali masitepe m'malo asanu ndi amodzi. Khoma la chibula lili ndi nsanja zitatu, yapakati yotalika mamita pafupifupi 16, ndipo pansonga pa iliyonse pali dzira la nthiwatiwa. Njerwa zake si za m'chikombole. Zinaumbidwa ndi manja, zobulungira, n'kuumitsidwa padzuwa, ndipo eni ake amazitcha djenné-ferey posiyanitsa ndi za makona anayi zija zimene zinabwera pambuyo pake, zomwe amazitcha njerwa za azungu.

Mukalowa kuchokera padzuwa la Epulo, limene kumeneko limapyola madigiri 40, choyamba ndi mdima ndi kuzizira. Chipinda choswaliramo ndi cha mamita pafupifupi 26 kwa 50, koma simungachione chonse nthawi imodzi chifukwa muli zipilala 90 zonenepa zogwira denga, moti mizere ya oswali imakhala m'tinjira ta pakati pa zipilalazo. Mawindo ndi aang'ono ndiponso ochepa. Padenga pali timabowo tambiri tovundikiridwa ndi zivundikiro zadothi zoumbidwa ndi amayi. Kukatentha munthu amakwera kukazivundukula kuti mpweya wotentha utuluke, mvula ikamabwera n'kukazibwezera. Makoma okhuthalawo amamwa kutentha kwa masana pang'onopang'ono n'kukutulutsa usiku. Amene anaswalipo Juma (swala ya Lachisanu) ya mu Okutobala pansi pa malata ku Mangochi, thukuta lili kamukamu khutba (ulaliki) isanafike pakati, akudziwa kufunika kwa zimenezi. Pamwamba pa malo oima imamu pali kabowo kolowera m'kachipinda ka mu nsanja, ndipo kale, zokuzira mawu zisanabwere, munthu ankakhala mmenemo n'kumabwereza mawu a imamu kuti a kunja amve. Kuseri kwa chipindachi kuli bwalo lozunguliridwa ndi makonde, ndipo khonde la kumadzulo ndi la amayi.

Nanga timitengo totuluka m'makoma monse ngati minga ya nungu? Ambiri amayesa chokongoletsa basi. Ndi mitolo ya mtengo wa mtundu wa mgwalangwa, wosafumbwa msanga, yotuluka masentimita pafupifupi 60, ndipo dzina lake ndi toron. Ntchito yake ndi poponda omata. Izi zikutanthauza kuti omanga a mu 1907 anaikiratu m'khoma makwerero a anthu odzakonza khomalo. Ankadziwa kuti nyumbayi idzafuna manja chaka chilichonse, ndipo sanakuone kumeneko ngati chilema choti abise.

Kumatako kumachitika mvula isanayambe, kawirikawiri cha mu Epulo kapena miyezi yoyandikana nayo, pa tsiku limene akuluakulu ndi amisiri agwirizana. Masiku angapo tsikulo lisanafike, dothi la kudambo limathiridwa m'maenje, kulisakaniza ndi mankhusu a mpunga ndi madzi, n'kulisiya kuti livunde mpaka lisinthe mtundu ndi fungo. Limafunika kulivundula pafupipafupi, ndipo ntchito imeneyi imagwera anyamata ang'onoang'ono, amene amangouzidwa kuti kasewereni m'dzenjemo. Palibe mwana amakana ganyu wotere. Usiku wa tsikulo anthu sagona, ng'oma ndi nyimbo zili m'madera onse. Kusanache chizindikiro chimaperekedwa, ndipo anyamata amathamanga ndi madengu a matope pamutu, dera lililonse kulimbirana kuti lifike loyamba ndi kutsiriza mbali yake ya khoma. Ena ali pamakwerero aatali, ena apachikika pa timitengo tija, kulandirana matope dzanja ndi dzanja n'kumapaka ndi zikhatho. Amayi ndi atsikana ali kalikiliki ndi ndowa za madzi kuchokera kumtsinje. Amisiri a gulu lija, lotchedwa barey ton, ndiwo amayang'anira, kuloza pomwe pachepa ndi pomwe pachuluka. Madoda amene anakwerapo makoma amenewa paunyamata wawo amakhala pamalo aulemu pabwalo la msika, kuonerera, ndipo ndikhulupirira kuti kudandaula kuti ana a masiku ano sadziwa kumata sikulephera. Dzuwa lisanafike paliwombo ntchito yatha, aliyense ali matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndi dima la tauni yonse, kungoti kulibe mowa.

Agogo anga aakazi ankazira nyumba yawo Loweruka lililonse lachiwiri. Ankagwada ndi mbale ya dothi lakuda, kuyambira kuchipinda kubwerera chammbuyo mpaka pakhomo, kenako n'kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka pansi pang'anime. Tikapondapo pasanaume khutu linkapotokoledwa. Nyumba yosazira inkanena za mwini wake kuposa mmene anansi akanamunenera. Ndikamaona zithunzi za ku Djenné ndimakumbuka zimenezo, ndipo n'chifukwa chake mawu oti umphawi sindikuwavomereza. Seku Amadu sanafune nkhwangwa kapena moto kuti athane ndi mzikiti wakale, anangoletsa manja. Chimodzimodzi, mzikiti wa lero ukaoneka wosalala ndi umboni wakuti chaka chino anthu a madera onse a tauniyo, Abozo, Asonghai, Afulani ndi ena, anagwirizana tsiku, anadzuka usiku n'kugwira ntchito limodzi. Nyumba ya simenti itha kuima zaka makumi awiri eni ake atadana. Ya dothi imaulula msanga.

Bwanji osaupaka simenti kuti apume? Chifukwa simenti ndi dothi sizikwatirana. Khoma la dothi limamwa chinyezi n'kuchitulutsa. Mukalivundikira ndi simenti, madzi amene alowera pamng'alu kapena kukwera kuchokera pansi amasowa potulukira, dothi limafewa mkati inu osaona, ndipo tsiku lina pulasitala yense amasupuka ngati nkhanambo, khoma litadyeka kale. Kutentha ndi kuzizira kumafutukulanso ziwirizi mosiyana, ndiye ming'alu siyichedwa. Eni nyumba ena mu Djenné momwemo anayesa kuveka makoma awo ndi timatailosi toocha ndi simenti, ndipo anakumana ndi vuto lomweli. Inunso mwina munaonapo nyumba ya zidina yopakidwa simenti imene ukaigogoda imalira ngati ng'oma.

Musaganize kuti kumata kulibe mavuto ake. Walira mvula walira matope, ndipo ku Djenné mwambiwu umagwira mbali zonse ziwiri: madzi omwe amabweretsa dothi labwino ndi omwenso amakokolola khoma. Komanso changu cha chikondwerero chimapangitsa kuti dothi lopakidwa lichuluke kuposa lokokoloka. Patapita zaka pafupifupi 100, denga ndi makoma zinali zitasenza matani ambirimbiri a dothi losafunika, ngodya zitabulungira, mitanda ya denga ikulemedwa. Bungwe la Aga Khan Trust for Culture linabwera kudzathandiza, koma mu 2006 anthu ataona amuna akukumba padenga la mzikiti wawo popanda kuuzidwa bwino chomwe chikuchitika, kunabuka chipolowe, katundu anaonongeka ndipo munthu mmodzi anamwalira. Ntchitoyo inadzapitirira pambuyo pokambirana, amisiri a m'tauni momwemo ali patsogolo. Pa 5 Novembala 2009, itagwa mvula ya mamilimita 75 tsiku limodzi, kumtunda kwa nsanja ya kumwera kunagumuka, ndipo kunamangidwanso. Chipolowe chija chimandiuza zambiri. Anthu sachita ukali wotero chifukwa cha nyumba yongojambulitsa alendo.

Pali kulira kwinanso. Mu 1988 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika tauni yakale ya Djenné pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse, ndipo izi zinabwera ndi malamulo oletsa kusintha maonekedwe a nyumba. Mzikiti amaumata ndi chimwemwe tsiku limodzi, koma nyumba ya munthu payekha amalipira yekha mmisiri, dothi ndi mankhusu chaka ndi chaka, ndipo ena amafunsa chifukwa chomwe iwo ayenera kukhala ngati zoonetsa pomwe anzawo ku Bamako, likulu la Mali, akumanga za simenti ndi matailosi. Funso lanu lomwelo, achimwene, likufunsidwanso kumeneko. Chiyambireni nkhondo ya kumpoto ndi pakati pa Mali mu 2012 alendo anasiya kubwera, ndalama za mahotela ndi operekeza alendo zinauma, ndipo mu 2016 UNESCO inaika Djenné pakati pa malo amene ali pachiopsezo. Koma alendo atasowa chonchi, mzikitiwo anthu akuumatabe.

Tibwere kwa mnzanu uja amene akuti chikondwererochi n'chachikunja. Ine si shehe, ndipo fatwa, chigamulo cha chipembedzo, mukaipeze kwa oyenera. Chimene ndinganene monga munthu wa mbiri ndi ichi. Kumata mzikiti si swala ndipo palibe amene amati ndi nsanamira ya Chisilamu. Ndi ntchito yosamalira nyumba yoswaliramo, ndipo Qur'an, mu Surah At-Tawbah ndime 18, imayika kusamalira mizikiti ya Allah pamodzi ndi chikhulupiriro, swala ndi zakaati. Dothi nalonso si chinthu chochititsa manyazi. Mzikiti wa Mtumiki Muhammad (SAW) ku Madina, womangidwa mu 622, unali wa zidina, mizati ya mitengo ya tende, denga la masamba a tende. Unkadontha, ndipo pali hadisi yodziwika yonena kuti itagwa mvula usiku wina wa mu Ramadhani, Mtumiki anamaliza swala matope ali pachipumi. Mtumikiyo anasenza nawo njerwa pomanga.

Chimene mwina chikumuvuta mnzanuyo ndi ng'oma, mpikisano, kusewera m'matope, ndi mazira a nthiwatiwa aja. Mazirawo eni ake amawamasulira ngati chizindikiro cha chiyero ndi kubereka, ndipo si a ku Mali kokha: amapezeka atapachikidwa m'mizikiti ina yakale ya ku Istanbul komanso pamitanda ya pamwamba pa matchalitchi a ku Ethiopia. N'zoona kuti mu Djenné muli zinthu zakale kuposa Chisilamu. Pali manda a Tapama Djenepo, mtsikana wachi Bozo amene nthano imati anamangidwira m'linga la mudzi ali moyo kuti mudziwo ukhazikike. Amisiri nawo ali ndi mawu awo achinsinsi onena poyala maziko, osakaniza ndime za Qur'an ndi nzeru za makolo, ndipo banja lililonse limakhala ndi mmisiri wake amene mnzake sangamulande ntchito popanda chilolezo. Asilamu a kumeneko akhala akutsutsana za malire a mwambo ndi chipembedzo kuyambira nthawi ya Seku Amadu. Inu a ku Mangochi mkangano wotere si wachilendo kwa inu, mukudziwa mmene magulu a Asilamu a Qadiriyya ndi a Sukuti anasiyanirana pa nkhani ya sikiri pamaliro. Koma kutcha tauni imeneyi yachikunja ndi kulankhula mopupuluma. Djenné ndi mudzi wa madrasa ambirimbiri, kumene ana ochokera kutali amakhala pakhonde la shehe mbandakucha, thabwa lolembedwa ndime pamiyendo, akuwerenga mokweza. Amatsata madhihabu (njira yomasulira malamulo a Chisilamu) a Imam Malik monga ambiri a kumadzulo kwa Africa, pomwe ambiri mwa ife, amene Chisilamu chinatifika kudzera kugombe la Aswahili, ndife a Imam Shafi'i. Muli mabanja osunga mabuku olembedwa pamanja a zaka mazanamazana.

Za mzikiti wanu wa zidina, sindikuuzani kuti musaugwetse. Mvula ya Djenné ndi ya miyezi itatu kapena inayi, makoma ake ndi okhuthala kwambiri, uli pachitunda, ndipo uli ndi amisiri obadwira m'ntchitoyo. Ife tinaona zimene namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anachita ku nyumba za zidina zopyapyala zopanda maziko. Ngati khoma lanu lapendekeka kapena mzikiti wachepa, mangani wina. Chokhacho, denga la malata likwezeni, muikemo mawindo oyang'anizana ndi timabowo ta mpweya kumtunda, apo ayi mudzaphika oswali. Ngati khoma lili lolimba ndipo vuto ndi kukokoloka chabe, njira yotchipa ndi kutalikitsa khonde la denga kuti mvula isamenye khoma, kumanga kakhoma ka miyala kapena njerwa zootcha kuzungulira pansi, kukumba ngalande, n'kumata ndi dothi losakaniza mchenga ndi mankhusu, osati simenti.

Mukaganiza zogwetsa, musanatero jambulani mbali zonse, mkati ndi kunja, ndipo tumani mwana wa sukulu akakhale pansi ndi madoda alembe chaka chomwe unamangidwa, amene anapereka malo, ndi imamu woyamba. Ngati pali manda pafupi, maziko atsopano awalambalale, monga a ku Djenné anasungira manda a imamu Almany Ismaïla wa m'zaka za m'ma 1700 kutsogolo kwa khoma lawo la chibula. Za mzikiti wa Koi Konboro, umene unaima zaka mazana angapo, zina mwa zochepa zimene ofufuza amadalira lero ndi mizere yochepa ya Caillié ndi chojambula chimene mtolankhani Félix Dubois anapanga atayendera mabwinja ake m'zaka za m'ma 1890.